Ndemanga ya BMP280, kachipangizo koyezera kulemera kwa mpweya, nditakagwiritsa ntchito miyezi itatu ku Chipata

Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Chipata, ndipo ndimayang'anira kalabu ya JETS, ya ophunzira okonda sayansi ndi zopangapanga. Mu Ogasiti ndinaitanitsa tizipangizo tiwiri toyezera kulemera kwa mpweya ku sitolo ina ya zamagetsi ya ku Lusaka, n'cholinga chakuti ophunzira adzipangire kasiteshoni kawokawo koyezera nyengo. Katunduyo anabwera pa basi atakulungidwa bwino.

Dandaulo langa ndi la wogulitsa, osati la chipangizocho. Iye analemba kuti akugulitsa BME280, imene imayezanso chinyezi cha mumpweya, koma titawerenga nambala yodziwikitsa kachipangizoko tinapeza 0x58, yomwe ndi ya BMP280, pamene ya BME280 ndi 0x60. BMP280 ndi BME280 tonse ndi ta kampani ya Bosch ndipo timafanana kwambiri maonekedwe, choncho aliyense wogula ayambe wawerenga nambalayi tsiku lomwe walandira katundu, wogulitsa asanayambe kukana.

Kathabwa kofiirira kamene tinalandira kali ndi mapini 6: VCC ndi GND a magetsi, SCL ndi SDA otumizira uthenga, komanso CSB ndi SDO. Mapiniwo amabwera osalumikiza, moti tinachita kuwotcherera tokha, mosamala kuti kabowo kakang'ono kamene kali pa chivindikiro chachitsulo kasatsekeke, chifukwa ndi pomwe mpweya umalowera. Poyamba tinagwiritsa ntchito Arduino Uno, bolodi yokhala ndi kakompyuta kakang'ono kowerenga manambala a chipangizocho, n'kulumikiza SDA pa pini yake ya A4 ndipo SCL pa A5. Apa pali ngozi imene ogulitsa ambiri satchula: BMP280 imalandira magetsi a pakati pa 1.71 V ndi 3.6 V basi, pamene Uno imayendera 5 V, ndipo kathabwa kathu kalibe chotsitsira magetsi. Ngakhale tinatenga magetsi pa pini ya 3.3 V, mtima wanga sunakhazikike pa mawaya a SDA ndi SCL, ndiye patapita masiku ochepa tinasamukira pa bolodi ina yotchedwa ESP32, yomwe imayendera 3.3 V paliponse, n'kulumikiza SDA pa GPIO21 ndi SCL pa GPIO22.

Madzulo ena onse anatithera pa vuto limodzi. Pulogalamu inkangonena kuti chipangizo sichikupezeka, ndipo ophunzira anasinthasintha mawaya mpaka kutopa. Mtsikana wina wa Giredi 11 ndi amene anaganiza zoyendetsa kapulogalamu kofufuza maadiresi a I2C, njira imene bolodi imalankhulirana ndi chipangizo kudzera pa SDA ndi SCL, ndipo pa kompyuta panatuluka 0x76. Library ya kampani ya Adafruit, pulogalamu yokonzedwa kale yowerengera chipangizochi, imafunafuna 0x77 ngati simunaiuze zina, pamene pa kathabwa kathu pini ya SDO inakokeredwa ku GND, zomwe zimapereka 0x76. Titalemba adiresiyo mu pulogalamu, manambala anayamba kutuluka nthawi yomweyo.

Nambala yoyamba inali pansi pang'ono pa 900 hPa (muyeso wa kulemera kwa mpweya), ndipo ophunzira anakhumudwa poganiza kuti chipangizo n'chowonongeka, popeza m'buku anawerenga 1013.25 hPa. Nambala ya m'bukuyo ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, pamene Chipata ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, kumene mpweya wotipsinja pamutu ndi wochepa. Phunziro limene ndakhala ndikulivutikira ndi choko kwa zaka zambiri linamveka tsiku limenelo. Mnyamata wina ananyamula chipangizocho kuchoka pansi n'kuchiika pamwamba pa kabati, pafupifupi mamita awiri, ndipo nambala inatsika ndi 0.2 hPa, atachitsitsa inabwerera pomwe inali. Loweruka lotsatira tinakwera nacho phiri la Kanjala, titachilumikiza ku power bank, ndipo manambala ankatsika mwandondomeko pamene tinkakwera. Kanthu ka mamilimita 2 ndi 2.5 kuchita zimenezi, ine ndinagoma.

Amene akufuna kuti kachipangizoka kaziwauza tsiku lodzala chimanga asayembekezere zambiri. M'miyezi itatu imeneyi taona kuti kulemera kwa mpweya kumakwera cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi 10 koloko usiku, n'kutsika cha m'ma 4 koloko madzulo ndi 4 koloko m'bandakucha, tsiku lililonse, kaya kuli mitambo kaya kulibe. Umu ndi mmene mpweya umachitira m'mayiko otentha ngati lathu, ndipo kusintha kwa tsiku ndi tsiku kumeneku kumabisa zizindikiro za mvula yoyamba ya mu Novembala, imene imangobwera ndi mabingu masana. Choyezera kutentha chimene chili mkati mwa BMP280 chimaonetsanso nambala yokwererapo kachipangizoka kakakhala pafupi ndi ESP32, yomwe imafunda ikamagwira ntchito, choncho tinakatalikitsa ndi mawaya n'kukaika pamthunzi podutsa mphepo.

Kwa aphunzitsi anzanga a ku Katete, Petauke ndi Lundazi amene akufuna kuphunzitsa za mpweya ndi kutalika kwa malo, ndikuvomereza kuti mugule BMP280, makamaka ngati muli ndi bolodi ya 3.3 V. Kathu sikanasiyepo kugwira ntchito chiyambire Ogasiti, ndipo kachiwiri takaika m'botolo la pulasitiki lobooledwa pansi kuti kakhale panja nyengo yonse ya dzinja.