Ndemanga: ka GPS kobwera ndi galimoto ya ku Japan, nyenyezi zitatu pa zisanu

Ndakhala nako zaka zisanu ndi chimodzi ndiye ndikhoza kulankhulapo. Sindinachite kukagula ayi, kanabwera kale mu dashibodi ya galimoto yanga ya 2007 yomwe inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe.

Tsiku loyamba kuliza injini pa Katoto ndinangomva mzimayi akuyankhula m'galimoto, ine dzidzimu, kucheuka kumbuyo mulibe munthu. Chijapanizi chokhachokha, mwaulemu wake ngati akulandira apongozi. Ana kunyumba anamutcha Anti Tokyo ndipo dzinalo linakhazikika, mpaka mayi anga akakwera kupita ku tchalitchi ku Ekwendeni amamuyankha kuti "tawuka makola, kwali imwe" ngati akumvana.

Pa nkhani ya njira ndiye musayembekezere kanthu. Mapu ake ndi a ku Japan basi, Malawi mulibemo, ndiye sikirini imangoonetsa buluu ponseponse kamuvi kali pakati, kutanthauza kuti ine ndikamadutsa pa Shoprite kupita ku Luwinga iko kakuona ngati ndili pakati pa nyanja. Ulendo wina tikutsetsereka ku Nkhata Bay mlamu wanga anati bola lero kanena zoona, madzi tawayandikira. Tsiku lina mwana anadina batani lina lake, lomwe linali lolondolera kunyumba kwa mwini wake woyamba, Anti n'kuyamba kutilondolera kaya ku Osaka kaya ku Nagoya, pa Chikangawa ponse akungolankhula m'chifunga muja ife tikuvutika kuona ngakhale thiraki ya matabwa kutsogolo. Sanakwiye olo kamodzi. Munthu ukaphonya njira yomwe wakuuza kawiri amayamba kunyinyirika, uyu ayi, amangoyambiranso mofatsa.

Wotchi yake ili patsogolo ndi maola 7 chifukwa imatsata nthawi ya ku Japan, ndiye ndimachita kuchotsera m'mutu, ikati 2 koloko masana ndiye kuti ana achedwa kusukulu. Wailesi imathera pa 90 FM, masiteshoni ambiri a kwathu kuno ali kumtunda kwa pamenepo, ndinakagula ka expander m'tauni anyamata n'kundilumikizira, kuyambira pamenepo nambala yomwe ikuoneka pa sikirini ndi ina, siteshoni yomwe ikulira ndi ina.

Chinandiwawa ndi chimodzi. Batire itafa nyengo yozizira ija ya mu June makaniko anaichotsa, pobwezeretsa sikirini yonse zilembo za Chijapanizi, ikufuna dimba (disiki) yake ya mapu. Wailesi zii, kamera ya rivesi zii. Sabata zitatu ndikuyenda ngati ndanyamula maliro, ndipo ndisaname ndinamusowa mzimayiyu. Dimbayo inapezeka pansi pa mpando, yokandikakandika, ndinaipukuta ndi malaya n'kuilowetsa, atangoyankhula ana anakuwa ngati Wanderers yagoletsa. Ndiye langizo langa, musanachotse batire onetsetsani kuti dimba kapena ka SD kadi kake kalipo.

Zabwino zilipo. Sikadya bandulo, kamera ya rivesi ikugwirabe bwinobwino, ndipo muli nyimbo zomwe mwini wake wakale anasiya, pali ina yachisoni yomwe ndimaiyimba yonse osadziwa kuti ikuti chani. Njira ndimafunsa Google Maps pa foni, netiweki ikathawa ndimatsitsa galasi n'kufunsa wa kabaza, yemwe amakuuza kuti mukhote pa mtengo wa mapeyala ndipo mumakafikadi.

Anyamata aja akhala akundinyengerera kuti andiikire sikirini ya Android yolankhula Chingerezi. Mtengo tinagwirizana kale mwezi watha koma ana akana, akuti Anti akapita kuti.