Trammel Fossil Park: kukatola zamoyo zosanduka miyala ku Sharonville

Amene akufuna kugwira ndi manja ake pansi pa nyanja ya zaka pafupifupi 450 miliyoni zapitazo angachite bwino kupita ku Trammel Fossil Park, m'tauni ya Sharonville, kumpoto kwa Cincinnati m'chigawo cha Ohio ku America. Polowa salipiritsa, ndipo alendo amaloledwa kutola zamoyo zosanduka miyala n'kutengako zochepa. Malowo ndi chitunda chogumuka chabe, cha miyala ya laimu yosanjikizana ndi dongo louma, koma zikwangwani zake zimathandiza munthu kudziwa gawo la miyala limene waimapo.

Ine ndinapitira kanyama kotchedwa Isorophus cincinnatiensis, kamene mzinda wa Cincinnati unakasankha mu 2002 kukhala chizindikiro chake pa zamoyo zakalezi. N'kobulungira, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo, ndipo pamwamba pake pali mizere isanu yokhota imene kankadyera. Nyama za mtundu wake, zotchedwa edrioasteroid, sizinkayenda. Zinkamatirira pamalo olimba, kaya pansi pa nyanja pamene matope a laimu anali atagwirana n'kusanduka thanthwe madzi ali pamwamba pomwepo, kaya pa zigoba zophwatalala za nyama zina za m'nyanja zotchedwa Rafinesquina, zimene zinkayala pansi ngati mphasa. Pa nthawiyo, imene akatswiri amaitcha Ordovician, dera limeneli linali kum'mwera kwa ikweta, m'nyanja yofunda ndi yosazama.

Nditagwada kwa maola atatu, kanyamako sindinakapeze. Zimene zinadzaza chikhatho changa ndi timikanda tamwala toboola pakati, tina tosanjikizana tinayi kapena tisanu, timene tinali mapesi a nyama zotchedwa crinoid, abale ake a kanyama komweko. Kulephera kumeneku ndiko kunandiphunzitsa zambiri, chifukwa thupi la nyama zoterezi ndi tizidutswa tambirimbiri togwiridwa ndi minofu, ndipo nyamayo ikafa, minofu imaola m'masiku owerengeka, mafunde n'kumwaza zonse. Yathunthu imasungika pokhapokha ngati matope obwera ndi namondwe anaikwirira mwadzidzidzi, nthawi zambiri ikadali yamoyo pamalo pake. N'chifukwa chake timikanda tili mbwee paliponse, pomwe kanyama kathunthu kamafuna maso akuthwa, kuleza mtima ndi mwayi.

Zigoba zokha, pamodzi ndi tinthambi tamwala timene tinamangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja totchedwa bryozoa, n'zochuluka moti ngakhale mwana wamng'ono sabwerako chimanjamanja, ndipo pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti malowa ndi oyenera mabanja ndi ana asukulu. Wopitako atenge madzi akumwa, chipewa, nsapato zolimba ndi kagalasi kokuzira zinthu, popeza chitundacho n'choyang'ana dzuwa ndipo miyala yake imabaya mawondo. Nthawi yabwino ndi mvula ikangokata, pamene dongo lakokoloka ndipo zimene zinali zobisika zaonekera poyera, ngakhale kuti potsetsereka pamakhala poterera.