Kamaikulosikopu ka m'thumba kamene kanandigwetsa pamaso pa mwana

Ndinagulira mwana wanga wamkazi kamaikulosikopu ka m'thumba, kaja kokhala ndi katochi ka LED ndi kagudumu kopotokola kuti chinthu chioneke bwino. Pabokosi analemba kuti kamakulitsa chinthu ka 1,000. Bodza lamkunkhuniza. Ndinaika rula pansi pake n'kuyang'ana mizere ya mamilimita, ndipo sikafika ngakhale ka 100. Okulitsa ka 1,000 ndi aja a m'malabotale, amene amadontheza mafuta pakati pa galasi ndi chinthu chomwe akuyeza. Mabatire ake sachedwa kutha, ndipo dzanja likangonjenjemera pang'ono, chithunzi chathawa.

Komabe sindikabweza ayi.

Tsiku lachitatu mtsikanayu anatapa dontho la madzi a m'botolo la maluwa, omwe anakhalamo sabata yathunthu, n'kukuwa kuti muli tinthu tikuyenda. Ine, poti ndine wamkulu, ndinangoti ndi fumbi la pagalasi, kapena mpweya wa m'kamwa mwake ukugwedeza madziwo. Sanatsutsane nane. Anapukuta galasi, n'kutseka pakamwa ndi pamphuno. Tinthu tija tinkayendabe, kena kotalika ngati kasilipasi kakusambira, kakagunda kachitsotso n'kubwerera m'mbuyo. Kenako anagawa madziwo pawiri, ena ndinamuwiritsira, ndipo atazizira anaika madontho awiri moyandikana. M'owiritsawo munali zii! Ndinasowa pogwira.

Pofuna kubisa manyazi ndinamuuza za Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa mumzinda wa Delft ku Netherlands, yemwe mu 1676 analembera a bungwe la asayansi la Royal Society ku London kuti waona tizilombo tamoyo m'madzi kudzera m'timagalasi topanga yekha. Akuluakuluwo anamukayikira, mpaka wasayansi wa bungwelo Robert Hooke atabwereza kuyesako mu 1677 n'kutiona ndi maso ake.

Ndinkaganiza kuti nkhaniyo imusangalatsa basi. Iye anaitenga ngati malangizo. Anaitana mnzake, anamupatsa madontho awiri aja osamuuza kuti owiritsa ndi ati, n'kumufunsa kuti m'dontho liti muli zoyenda. Mnzakeyo analoza lomwelo. Tsopano ali ndi kope lolembamo tsiku, komwe anatapa madzi, ndi zimene amayembekezera kuona asanayang'ane. Zomwe walosera molakwika sazifufuta, amangozikhwatcha ndi cholembera chofiira.

Mukagula, mugulirenso timagalasi toikapo madontho. M'bokosi munali tiwiri tokha, ndipo kamodzi ndinakakhalira ndine.