Miyezi 14 chisinthireni magiya a difu pa Land Cruiser 80 yanga

Galimoto yanga ndi Land Cruiser 80 ya injini ya 1HZ, ija ya dizilo ya malita 4.2 yopanda turbo, giya bokosi yake ya manual. Amene munayendetsapo 1HZ mukuidziwa: siifa msanga, koma liwiro musalifunse. Ndi bulu weniweni. Ndimakhala ku Blantyre koma ndalama yanga ili ku Neno, kumtunda kwa Dambe kumene ndimakapikula mbatatesi, ndipo nyengo ya manachesi ndimazungulira cha ku Mwanza. Nthawi zambiri kumbuyo kumakhala ngolo.

Mavuto anayamba nditachotsa matayala a 7.50R16 n'kuika a matope a 285/75R16. Kutalika sikusiyana kwambiri, akale aja amayandikira mainchesi 32 pomwe atsopanowa amayandikira 33, koma ndi otambalala komanso olemera. Kuphatikizapo chitsulo cha kutsogolo, keriyala ya pamwamba, tayala lachiwiri la sipeya ndi ngolo ya matumba, galimoto inasanduka nkhalamba. Giya 5 inangokhala ya pa mtsetse. Pa zikweza zimene kale ndinkakwera ndi giya 3 ndinayamba kutsikira ku 2, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo, ndipo ponyamuka pa chitunda kilatchi inkanunkha.

Difu ndi magiya aja a pakati pa matayala awiri amene amawagawira mphamvu. Nambala ya difu imanena kuti propshaft, chitsulo chachitali chobweretsa mphamvu ya injini ku difu, izungulira kangati kuti tayala lizungulire kamodzi. Yanga inabwera ndi 4.10: mano 41 pa crown, giya yaikulu ya m'difu, ndi mano 10 pa pinion, giya yaing'ono imene imazunguliza crown. Nambala ikakula, injini imazungulira kwambiri pa liwiro lomwelo, koma mphamvu yofika pa tayala imachuluka. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Mutenga 4.10, kuchulukitsa ndi 33, kugawa ndi 32, mupeza 4.23. Ndiye kuti 4.30, imene imabwera mu Land Cruiser 105 ya dizilo, ikanangondibwezera pamene ndinali ndisanasinthe matayala. Koma ine sindinkafuna kubwerera pakale, chifukwa masamuwo sawerengera ngolo. Mpikisano unatsala pakati pa 4.56 ndi 4.88.

Anzanga ambiri ankati nditenge 4.88, poti ndalama yake ndi imodzimodzi ndiye bwanji osangotenga yamphamvu. Ndinakana pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi mano. Pinion ya 4.56 ili ndi mano 9, ya 4.88 ili ndi 8, ndipo pinion ikamachepa mutu, mano ogwirana ndi crown nthawi imodzi amachepanso. Kumbuyo zimenezi sizidetsa nkhawa, difu ya kumbuyo ya 80 ndi yaikulu, mainchesi 9.5. Kutsogolo ndi mainchesi 8 okha, ndipo mano ake anawadula kuti alimbe poyenda chamtsogolo. Aliyense amene anakhalitsa ndi galimoto izi amadziwa kuti difu imeneyi imathyoka mukamakoka chinthu cholemera chobwerera m'mbuyo muli mu 4x4. Sindinafune kuifooketsanso. Chachiwiri ndi phula. Kuti ndikafike ku fumbi ndimayamba ndadya msewu wa Zalewa, ndipo kawiri pa mwezi ndimapita ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 300. Ndi 4.88 injini ikanamalira ngati chigayo njira yonseyo.

Ndinaitanitsa 4.56 ku Johannesburg, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, pamodzi ndi maberingi, masilo ndi mashimu, tizitsulo topyapyala tokhazikira magiya pa muyeso wake. Zimasinthidwa zonse ziwiri. Mukasintha kumbuyo kokha, tsiku limene mudzalowetse 4x4 matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo adzayamba kukokana, ndipo chinachake pakati pawo chidzagonja.

Pamene ndinapsa ndi poika. Ndinapita kwa makaniko amene wakhala akundikonzera galimoto zaka zambiri, munthu wa manja abwino pa injini ndi mabuleki. Anamanga ma difu onse awiri tsiku limodzi. Nditamufunsa za backlash, kampata kaja ka pakati pa mano a crown ndi a pinion, anangogwedeza crown ndi dzanja n'kunena kuti, "Bwana, izi timamva ndi chala, musadandaule." Ndinamukhulupirira. Patangotha milungu itatu, kumbuyo kunayamba kulira mluzu pa liwiro la 70 mpaka 80, makamaka ndikaponda mafuta. Ndikachotsa phazi, zii. Ndikapondanso, mluzu uja. Ndinadzinamiza kwa mwezi wathunthu kuti magiya atsopano amatero, akhazikika okha. Kulira kumangokula, ndipo nditagwira difu titafika pa Zalewa dzanja silinakhalepo.

Amene anandipulumutsa ndi madala ena a ku Limbe amene ntchito yawo ndi ma difu ndi magiya bokosi basi. Anatsegula, napaka utoto wachikasu pa mano a crown, nazunguliza. Chidindo cha pinion chinaoneka chili kunsonga kwa dzino m'malo mokhala pakati. Pinion sinalowe mokwanira, shimu yake inali yolakwika. Anaika geji ya wotchi, kampata kaja kanali kuposa kawiri muyeso wake, pomwe pamafunika pakati pa 0.15 ndi 0.20 mm. Madalawo sanalankhule zambiri. Anangoti, "Mwanawe, chitsulo chilibe bodza. Ukanachedwa mwezi wina ukanagula zina." Anamanga n'kumasula kanayi konse kufikira chidindo chitakhala pakati, anasintha maberingi a pinion amene anali atayamba kale kupsa, ndipo m'malo mwa kachitsulo kaja kofinyika ka pakati pa maberingi anaika solid spacer, kachitsulo kosafinyika, kuti kumangika kwake kusamasuke ngolo ikamagwedeza. Ya kutsogolo anaitsegulanso, inali yolakwika pang'ono koma inali isanagwire ntchito yambiri. Ntchito inatenga masiku atatu, ndipo ndinalipira kuposa kawiri zimene ndinalipira poyamba. Kamluzu kakang'ono katsalabe mpaka lero pa 80, chifukwa mano anali atadyeka kale molakwika. Sikakukula. Ndikayatsa wailesi sindikamva.

Atamaliza anandiuza kuti makilomita 800 oyamba ndisakoke ngolo, ndiziyenda pang'ono n'kuima kuti difu izizizira, kenako nditaye oyilo. Ndinamvera, ngakhale inali nyengo ya ndalama. Oyilo woyambayo anatuluka wotuwa, pa maginito a boti ya pansi yotayira oyilo pali phala losalala la chitsulo, popanda tizidutswa. Ndimathira GL-5 80W-90. Kutayako kwachiwiri ndi kwachitatu oyilo anatuluka woyera bwino.

Tsono funso n'lakuti, kodi 4.56 yachita zimene ndinaigulira? Ku mapiri, eya, ndipo kuposa mmene ndinkaganizira. Mphamvu yofika pa tayala yakwera ndi 11 peresenti pa giya iliyonse. Pa pepala ndi zochepa, koma pa 1HZ ndi kusiyana kwa kukwera ndi giya 3 injini ikuzungulira ka 2200 pa mphindi, pamene imakoka bwino, ndi kuvutika nayo ili cha pa 2000 ikutsamwa. Chikweza cha ku Thabwa pochokera ku Chikwawa ndimakwera tsopano osasinthasintha giya, singano ya kutentha osasuntha. Utsi wachepa. Kunyamuka ndi ngolo pa chitunda sikufunanso kupsereza kilatchi. Chimene sindinachiganizire n'kutsika. Nyengo ya dzinja, misewu ya ku Dambe ikaterera, ndimaika low range, magiya aja a 4x4 oyendera pang'onopang'ono, giya 1, n'kuchotsa phazi pa chilichonse, galimoto imatsika yokha ngati nkhono. Kale ndinkakhudza mabuleki apa ndi apo, ndipo pa dothi lofiira lonyowa kukhudza mabuleki ndiko kuyamba kuyenda chammbali. Miyezi 14 yonseyi mabuleki sindinasinthe.

Pa phula ndiye pamene ndimalipira. Pa 100 injini inkakhala cha pa 2400, pano ili cha pa 2650. M'galimoto mumamveka phokoso, ndipo dzanja limapitabe pa giya kufuna ya nambala 6 imene kulibe. Ndazolowera kuyenda pa 85 kapena 90, pamene imakhala mwamtendere. Akazi anga amati ulendo wa ku Lilongwe watalika, ndipo sakunama.

Za mafuta ndinatsala pang'ono kudzinamiza. Miyezi iwiri yoyamba ndinkauza aliyense kuti galimoto yasiya kumwa, poti makilomita a pa tanki imodzi anachuluka. Ndinaiwala kuti geji ya liwiro imawerenga kuzungulira kwa propshaft, osati kwa tayala. Nditayesa ndi GPS ya pa foni, singano ikaloza 100 ine ndimakhala ndili pa 92 kapena 93. Makilomita a pa dashibodi nawonso amathamanga chimodzimodzi. Nditakonza masamu, zoona zake ndi izi: ku mapiri ndi katundu ikumwa mocheperako pang'ono, chifukwa sindikupondanso mpaka pansi, pa phula ndili wopanda katundu ikumwa pafupifupi lita imodzi yoonjezera pa makilomita 100 alionse ndikalimbikira liwiro lakale. Masiku amene dizilo amasowa, munthu utagona pa mzere, lita imodziyo umaiona.

Munthu amene galimoto yake imakhala m'tauni ndi matayala a 33 ongokongoletsa, ndingamuuze kuti asataye ndalama, kapena aime pa 4.30. Wa matayala a 35 ayambire pa 4.56, ndipo ngati amakoka, 4.88 ndi yake. Ine wa 33 ndi ngolo ndili pamalo panga. Tsiku lina ndinayendetsa ya mnzanga ya 4.88 pa matayala ofanana ndi anga kuchokera ku Lunzu kukafika pa Zalewa. Pofika pa mlatho wa Shire makutu anali atatopa.

Chotsala pano ndi timapaipi topumira ma difu, timene tikamira madzi amalowera m'difu. Mu February ndinawoloka kamtsinje kosefukira difu ili yotentha, ndipo oyilo wa kutsogolo anatuluka ngati tiyi wa mkaka. Ndinataya tsiku lomwelo, mano sanachite dzimbiri. Timapaipi tatitali ndagula kale, tikaika sabata ya mawa n'kutikweza mpaka m'boneti, mvula isanayambenso.