J-B Weld pa sampu yong'aluka: amagwira, bola chitsulo chiyere

Mwa zonse zimene anthu amamata kunsi kwa injini ikayamba kutaya oyilo, chimene ndingauze mnzanga kuti agule ndi guluu wa J-B Weld, uja wa timachubu tiwiri, kena kolembedwa zakuda kena zofiira. Ndinamuika pa sampu ya galimoto yanga ndipo mpaka lero wagwira nji. Koma ndisanamutame ndineneretu kuti si sampu iliyonse yowonongeka imene guluuyu angaipulumutse, ndipo ngakhale pamene angathe, zonse zimadalira mmene mwatsukira chitsulocho.

Kwa amene simunasuzumirepo kunsi kwa galimoto, sampu ndi chitsulo chija chonga beseni chomangidwa pansi penipeni pa injini. Injini ikazima oyilo amatsikira mmenemo, ndipo ikalira pampu imamukoka kudzera pa kapaipi kokhala ndi sefa kukamwa kwake, n'kumutumiza m'zitsulo zonse zozungulira mpaka kumutu kwa injini. M'magalimoto ang'onoang'ono ambiri mumalowa malita pakati pa 3 ndi 5. Poti sampu ndiyo ili pafupi ndi nthaka, mwala kapena hampu zimayamba kupeza iyo. Masampu ena ndi a chitsulo chopyapyala, ena ndi a aluminiyamu wosungunula n'kuumba, ndipo magalimoto ena atsopano ali ndi a pulasitiki. Kuti mudziwe yanu tengani maginito, akamatirira ndiye kuti ndi yachitsulo. Kusiyanaku n'kofunika, chifukwa yachitsulo ikagunda imapindikira mkati, pomwe ya aluminiyamu kawirikawiri imang'aluka.

Yanga ndi ya aluminiyamu, ndipo inakumana ndi mwala umene unali pakati pa msewu. Mng'alu unali wa masentimita ngati 4, pamalo osalala chakutsogolo, kutali ndi bawuti yokhutulira oyilo. Oyilo sankachucha, ankangodontha, komabe katoni imene ndinkayala pansi usiku m'mawa ndinkaipeza ili ndi banga lalikulu. Sampu yatsopano thumba langa silikanaikwanitsa nthawi imeneyo. Yakale yochotsa ku galimoto yophwasulidwa ikanakhala yankho labwino koposa, ndipo ndimauzabe aliyense kuti ayambe wafufuza imeneyo, koma yogwirizana ndi injini yanga sinkapezeka. Zowotcherera ndinaziganizira kwambiri. Vuto lake, aluminiyamu woumba amamwa oyilo m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndiye akatenthedwa oyiloyo amatuluka n'kuipitsa powotchererapo. Pamafunika makina apadera owotcherera otchedwa TIG ndi munthu wodziwadi ntchito yake, ndipo moto ukachuluka mlomo wa sampu, m'mphepete muja modutsa mabawuti, umapindika moti siikhalanso bwino pa injini. Wowotcherera wa luso lotere salipidwa pang'ono, ndipo m'pake.

J-B Weld ndi wa ku America. Kampani yake inayamba mu 1969 ku Sulphur Springs, ku Texas. Ndi guluu wa mtundu wa epoxy. M'chubu chimodzi muli guluu wakuda wosakaniza ndi fumbi la chitsulo, m'chinacho muli choumitsira choyererako, ndipo mumafinya muyezo wofanana n'kusakaniza mpaka mtundu ukhale umodzi, wotuwa moderako. Pa paketi analemba kuti amayamba kulimba pakatha maola 4 mpaka 6, amauma kwathunthu pakatha maola 15 mpaka 24, ndipo amapirira kutentha kofika 550°F, komwe ndi pafupifupi 287°C. Nambala yomalizayi ndi imene inandikopa. Oyilo wa injini yoyenda bwino amakhala cha m'ma 90°C mpaka 110°C, choncho malire a guluuyu ali kutali ndithu. Akauma sasungunuka ndi oyilo, ndipo mukhoza kumupala ndi sandipepala ngakhale kumuboola. Kampani yomweyi ili ndi KwikWeld, wolimba m'mphindi zochepa, komanso SteelStik, wokanda ndi zala. Wofulumirayo sapirira kutentha ngati woyambayu ndipo sakupatsani mpata wosalaza bwinobwino. Pa sampu ine ndimasankha wochedwayu.

Anthu ambiri amamata sampu ili pa galimoto pomwepo, ndipo ambiri mwa amene amadandaula kuti epoxy ndi wabodza anachita zimenezi. Ngakhale mukhutule oyilo yense, wina amatsala m'makoma a injini ndipo amangotsikabe pang'onopang'ono, n'kumalowa mu mng'alu muja. Mumatsuka kunja kukayera, mukatembenuka kuti musakanize guluu, kamzere kakuda kabwereranso. Epoxy sagwira pa oyilo ngakhale wochepa bwanji. Amauma bwinobwino, amaoneka ngati wagwira, kenako tsiku lina amangomatuka yense chigamba chimodzi. Chinanso, J-B Weld akangosakanizidwa amakhala wofewa, ndiye mukamupaka chagada amatsetsereka n'kulendewera. N'chifukwa chake yanga ndinaimasula.

Polowa kunsi, jeke yokha musaikhulupirire. Galimoto ikhale pa zochirikizira zachitsulo, pamalo olimba, matayala otsalawo mutawatchinga. Ichi sindinyengerera nacho munthu. Oyilo ndinamukhutula injini ili yofunda koma yosawotcha, n'kumusunga m'chigubu kuti asataikire m'nthaka. Nditamasula mabawuti onse sampu inakakamirabe chifukwa cha silikoni, chomatira chofewa chotseka mpata pakati pa sampu ndi injini, ndipo silikoniyo ndinamudula pang'onopang'ono ndi kampeni kopyapyala. Osakhoma sikuludiraiva pakati pa sampu ndi injini, mungakande mlomo n'kudzipangira podontha pena. Itatsika ndinayang'ana kaye sefa ya kapaipi kaja ndi pansi pa sampu ngati munali tizidutswa ta chitsulo. Munalibe, ndipo mtima unakhala pansi.

Kutsuka ndiko kunandidyera nthawi kuposa china chilichonse. Ndinayamba ndi madzi otentha, sopo ndi burashi, mkati ndi kunja, mpaka madzi anasiya kuda. Itauma ndinapopera mankhwala otsukira mabuleki mu mng'alu kuchokera mbali zonse ziwiri. Pamaso panga panali patayera. Kenako ndinatenga makina opemerera mpweya wotentha n'kufunditsa malowo pang'ono. Posakhalitsa timadontho takuda tinayamba kutuluka m'mbali mwa mng'alu, tating'ono kwambiri, kufola mzere kuyambira kuno mpaka uko. Uyo ndi oyilo amene aluminiyamu anamwa, ndipo ndi amene akanamatula guluu wanga. Ndinapukuta, kupopera, kufunditsa, kupukutanso, mpaka kansalu koyera kanabwerako koyera. Muchite zimenezi panja kapena pamalo opita mphepo, ndipo mankhwala aja ayambe aumiratu musanabweretse chotenthetsera pafupi, chifukwa ambiri amayaka. Pomalizira gwiritsani ntchito acetone, mankhwala otsukira ouma msanga osasiya mafuta. Petulo, dizilo ndi parafini amachotsa litsiro koma amasiya mafuta awo pa chitsulo, ndiye asakhale otsukira omaliza.

Kumapeto onse awiri a mng'alu ndinaboola kabowo ka mamilimita 3. Zimaoneka ngati kuwonjezera vuto, koma mng'alu umakula kuchokera kunsonga kwake chifukwa mphamvu yonse ya kunjenjemera kwa injini imasonkhana pamenepo, ndipo bowo lozungulira limaimwaza mphamvuyo. Muonetsetse nsonga yeniyeni, nthawi zambiri imapitirira pamene maso akuonera. Kenako ndinakulitsa mng'aluwo kunja ndi tupa kuti pakhale kangalande kolowamo guluu, n'kukwecha ndi sandipepala ya nambala 80 masentimita awiri kapena atatu kuzungulira ponse. Epoxy amafuna pokhakhala kuti apeze pogwira, posalala amaterereka. Aluminiyamu akapalidwa sachedwa kuchita kakhungu katsopano ndi mpweya, choncho mukangomaliza kukwecha pukutani ndi acetone, osakhudzapo ndi chala, n'kumata nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene guluuyu anandikondweretsa. Poti sauma msanga, ndinali ndi mpata wochita zinthu modekha. Mkati mwa sampu ndinamatamo tepi kuti guluu asatulukire uko. Ndinasakaniza pa kachidutswa ka katoni koyera, ndipo woyamba ndinamupaka wochepa, kumukanikiza mwamphamvu ndi kathabwa kuti adzaze kangalande ndi timabowo tija popanda mpweya wotsalira. Pamwamba pake ndinayalapo kachidutswa ka waya wa sefa, kotsukanso ndi acetone, n'kukakwirira ndi guluu wina mpaka chigamba chinanenepa mamilimita atatu kapena anayi pakati, n'kumapyapyala chakumphepete. Mphepete yopyapyala ndi yofunika, chifukwa chigamba chothera mwadzidzidzi ndi chimene mwala wina umachikola n'kuchitukula. Ena amamata mkati ndi kunja komwe. Ine mkati sindifunamo kanthu. Kachidutswa kakadzamatuka mmenemo kamapita molunjika pa sefa ya pampu, ndipo simudzakaona.

Ndinaisiya maola 24 athunthu osaikhudza. Kukazizira epoxy amachedwa kuuma, ndiye nyengo yozizira muiike pamalo ofunda ndipo muwonjezere nthawi. Yesani ndi chikhadabo pa guluu wotsala pa katoni paja, chikasiya chizindikiro dikiranibe. Nditachotsa tepi ndinathiramo madzi n'kuikhazika pa pepala louma. Pepala silinanyowe. Ndinaiumitsa bwinobwino ndisanaibwezere.

Pobwezera, ntchito yabwino ikhoza kuwonongekera pa silikoni. Palani wakale yense pa mlomo wa sampu ndi wa injini, ndipo ngati injini yanu ndi ya gasiketi gulani yatsopano. Ngati ndi ya silikoni, gulani wa RTV wopangira injini, ndipo mzere wake ukhale wowonda, wosadukiza, wodutsa chamkati mwa mabowo a mabawuti. Wochuluka amafinyikira mkati, amaduka, n'kukatseka sefa ija. Mabawuti a sampu ndi aang'ono ndipo pa injini zambiri amangofuna mphamvu ya pafupifupi 10 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira bawuti). Onani buku la galimoto yanu. Mangani kuyambira pakati, modumphadumpha, pang'onopang'ono. Silikoni ayambe wauma monga alembera pa chubu chake musanathire oyilo. Ine ndinathira watsopano n'kusinthanso fyuluta.

Chiyambire pamenepo galimoto yayenda maulendo aatali dzuwa likuswa mtengo, yadutsa m'madzi a mvula injini ili yotentha, ndipo oyilo ndasinthaponso. Chigamba chadako mtundu chifukwa cha fumbi, koma ndikapitapo ndi chala chimabwerako chouma, ndipo mphepete mwake simunatukuke pena paliponse. Ndimasuzumirabe kunsi ndikamayang'ana oyilo, chifukwa aluminiyamu ndi epoxy safutukuka mofanana akatentha, ndipo chigamba chotere chimafuna diso. Pa ndalama zochepa zimene ndinagulira timachubu tija, n'kutsalanso wina wambiri, ndilibe chodandaula.

Pali masampu amene sindingayerekeze kuwamata. Ngati chidutswa chachikulu chathothokeratu, kapena mng'alu wakwera mpaka pa mlomo n'kudutsa pa bowo la bawuti, pamenepo pamakhala mphamvu yokoka nthawi zonse ndipo guluu sangaipirire. Sampu yachitsulo imene yadyeka ndi dzimbiri mukaimata pano mawa idzabookera apo. Ya pulasitiki nayo epoxy wamba sagwirapo modalirika.

Chimene ndimaopa koposa ndi sampu yachitsulo yopindikira mkati, chifukwa nthawi zina siidontha n'komwe ndipo mwini wake amaganiza kuti wapulumuka. Kamwa la kapaipi kokoka oyilo limakhala mamilimita ochepa chabe kuchokera pansi pa sampu. Pansipo pakakwera, mpata uja umachepa kapena kutsekekeratu, pampu imakoka oyilo wosakwanira, ndipo mukapima mumapeza oyilo ali wodzaza pomwe zitsulo zikukhulana zouma. Apa palibe chomata. Imasuleni, muiwongole ndi nyundo mutatsamiritsa pa thabwa, muone ngati kapaipi sikanapindike kapena kung'aluka. Ndipo mukagunda chinthu, nyali yofiira ya oyilo n'kuyaka pa dashibodi, zimitsani injini pomwepo ngakhale kwatsala pafupi kuti mufike. Injini yopanda oyilo imawonongeka m'kanthawi kochepa, ndipo mtengo woikonzera sungafanane ndi wokokera galimoto.

Bawuti yokhutulira oyilo ndi nkhani inanso. Kawirikawiri ikamadontha vuto limakhala wachala yake, kamphete kaja ka kopa kapena aluminiyamu kamene kamayenera kusinthidwa posintha oyilo, ndipo ndi kotchipa kwambiri. Mazinga akatha chifukwa chomanga mopyola muyezo, musamatirire bawutiyo ndi epoxy, poti mudzafuna kuimasulanso. Pali mabawuti okulirapo pang'ono odzidulira okha mazinga atsopano, komanso timawaya tolowetsa m'bowo ta mtundu wa Helicoil tobwezeretsa mazinga a saizi yakale. Pa sampu ya aluminiyamu ine ndingasankhe kawayako, ndipo ndingakaike sampu itamasulidwa pa injini, kuti tizidutswa todulidwa titsukidwe tonse tisanakumane ndi oyilo.