Kuno ku Scotland mabuku akwawo anachita kuwamenyera nkhondo

Abale anga kumudziko, ena mumandifunsa kuti ana athu kuno amaphunzira chani, ndiye lero ndikuuzeni chimodzi chomwe chimandizunguza mutu. Mwana wanga ali ku sekondale kuno ku Glasgow, akukonzekera National 5, mayeso omwe amalemba ali ndi zaka 15 kapena 16, ndipo pa pepala la Chingerezi pali gawo losathawika, uyenera kuyankha mafunso pa zolemba za mlembi wa ku Scotland konkuno. Mungaganize kuti ndi zachikhalire eti, koma ayi, boma linachita kulengeza mu 2012 ndipo aphunzitsi ena anadandaula kuti andale akulowerera za m'kalasi.

Sewero lomwe akuwerenga, anthu ake amayankhula ngati mmene amayankhulira mu basi za kuno, mawu omezedwa theka. Ndinayesa kuliwerenga mokweza kukhitchini, mwana anaseka mpaka misozi. Ndiye ndinapita nalo kuntchito, paja ndimasamalira okalamba, ndikuwawerengera agogo ena tsamba limodzi, iwo nkumandikonza katchulidwe mzere ndi mzere maso akuwala, kenaka anangoti chete nkundiuza kuti ali mwana ukayankhula chonchi m'kalasi aphunzitsi amakukwapula ndi lamba wachikopa m'manja. Chiyankhulo chomwe anamenyedwera, chomwe amachitcha Scots, lero chili pa mayeso a boma.

Ku yunivesite nkhani ndi yomweyo. University of Glasgow inayamba mu 1451, koma dipatimenti yoima payokha ya Scottish Literature inabwera mu 1971, tangowerengani zaka zimenezo, ndipo mpaka pano ndi yokhayi yomwe ili ndi gawo lapaderali, kwinako ngati ku Edinburgh ndi Aberdeen amaphunzitsa ndithu koma zili m'kati mwa dipatimenti ya Chingerezi. Chimavutanso nchoti zolemba zawo zili mu ziyankhulo zitatu, Chingerezi, Scots ndi Gaelic (chiyankhulo chakale cha kumapiri ndi kuzilumba za kuno), ndiye za Gaelic nthawi zambiri zimapita ku dipatimenti ina ya Celtic, munthu wofuna kudziwa zonse ayenera kuyenda makomo awiri atatu.

Sikuti zinthu zafa ayi. Mlakatuli wawo Robert Burns ali ndi senta yake yofufuza ku Glasgow kuyambira 2007, ndipo pa 25 Januwale, tsiku lomwe anabadwa, paliponse ndi haggis (chakudya chawo cha zam'kati mwa nkhosa) ndi ndakatulo zake ngakhale kwa anthu oti chaka chonse sagwira buku. Ali ndi mlakatuli wa dziko, amamutcha Makar, woyamba anali Edwin Morgan mu 2004, ndipo mu 2024 anasankha Peter Mackay yemwe amalemba m'Gaelic. Mu 2025 nyumba yawo ya malamulo inavomereza kuti Gaelic ndi Scots zikhale ziyankhulo zovomerezeka ndi boma. Ine ndimati tisamadziderere kwambiri, ife mabuku a Chichewa tinkalemba pa MSCE anzathuwa asanakakamize awo.

Koma chomwe chikuwaopsa pano ndi ndalama basi. Ana a ku Scotland salipira fizi pa digiri yoyamba, ndiye mayunivesite amadalira kwambiri ife obwera, ndipo chiyambireni mu Januwale 2024 pomwe boma la UK linaletsa ambiri a masters kubwera ndi mabanja awo, obwerawo anachepa. Yunivesite ya Edinburgh inalengeza mu 2025 kuti iyenera kudula mapaundi 140 miliyoni, ya Dundee nayo inali pa moto pa nkhani ya ndalama. Zikatere ine ndimaopera makosi a ana ochepa ngati amenewa, chifukwa Mmwenye kapena Mnaijeriya wolipira yekha sabwera kudzaphunzira ndakatulo za Scots, amafuna bizinesi kapena kompyuta. Ndiye achimwene amene munandifunsa za masters ya zolembalemba kuno, fizi ya obwera imapitirira mapaundi 20,000 pachaka, yambani kaye mwasaka sikolashipu musanagulitse munda.