Masewero a BL a ku Thailand: nyenyezi zitatu, yachitatuyo ndi ya Moonlight Chicken

Ndapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo yachitatuyo yabwera chifukwa cha sewero limodzi lokha. Ndikunena za masewero a pa TV a ku Thailand okamba za chikondi cha amuna okhaokha, aja owakonda amangoti BL, omwe kampani ya GMMTV imaika pa YouTube. Ine ndimawaonera pafoni usiku ndikatseka lesitilanti yanga pa Kamuzu Road kuno ku Salima, miphika itatsukidwa, atsikana ondithandiza ataweruka.

Kuwapeza n'kosavuta ndipo sulipira kanthu, koma bandulo amaidya mopanda chisoni. Gawo lililonse amalidula zidutswa zinayi, ndiye ukasokoneza manambala upezeka ukuonera anthu akugwirizananso usanaone pomwe anayambanirana. Tsitsani chithunzi chifike pa 360p, nkhope zimaonekabe bwinobwino. Amayankhula Chithai, mawu a Chingerezi amalembedwa pansi, ndipo amathamanga. Kwa a DJ athu omasulira mafilimu m'Chichewa aja sindinamvepo sewero la mtundu uwu, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Malamulo a dziko lino amaletsa amuna kugonana okhaokha, chilango chake chimafika zaka 14, ndipo mu June 2024 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linati malamulowo akhale momwe alili. Ku Thailand kuja, kuyambira pa 23 January 2025 amuna awiri kapena akazi awiri amakwatirana ku boma. Choncho amene waganiza zoonera, adziwiretu kuti akuonera moyo wa kwina.

Ndiyambe ndi zondinyansa, poti ndi zambiri. Sewero lomwe linatchukitsa zinthuzi dziko lonse lapansi ndi 2gether la mu 2020, nthawi ya Covid anthu ali bindikiro m'nyumba. Tine akupempha Sarawat kuti anamizire kukhala bwenzi lake pofuna kuthamangitsa mnyamata wina womuvutitsa, kenako bodza lija likusanduka zoona. Bright ndi Win, omwe akusewera awiriwa, ndi ooneka bwino, pamenepo palibe wotsutsa. Koma magawo 13 onse ndi anyamata a ku yunivesite ovala malaya oyera osita bwino, oimba gitala, osadandaulapo za fizi ngakhale tsiku limodzi. Kalasi salowa. Wina akapunthwa, amagwera m'manja mwa mnzake, n'kuyang'anizana mpaka iwe woonera kudzuka kukamwa madzi n'kubwerako akadali pompo. Wina akatentha thupi, mankhwala ake ndi kansalu konyowa kopukutira pakhosi, za kuchipatala ayi. Kuno munthu atatentha thupi choncho timathamangira kukayezetsa malungo. Kukoma kulipo, koma kuli ngati tiyi wa masupuni asanu a shuga wopanda chodyera: wamwa, wasangalala, pofika teni koloko njala ili pomwepo.

Chinandiwawa kwambiri ndi momwe amachitira ndi Green, mnyamata wovutitsa uja. Iyeyo ndi amene amayenda ndi kuyankhula mwachikazi, ndiye amuika kuti azisekedwa, pomwe awiri ooneka ngati osewera mpira aja ndiwo apatsidwa chikondi chenicheni. Sewero lonena za amuna okondana n'kumatonzanso mwamuna wotero, ine sindikumvetsa. Atsikana nawo m'masewero ambiri a mtundu uwu ntchito yawo ndi iwiri basi, kukuwa m'mbali mwachisangalalo kapena kubwera kudzasokoneza chibwenzi. Palinso khalidwe lina lomwe limabwerabwera maka m'masewero akale: wina waledzera kapena wakana, mnzake akumukakamizabe, nyimbo yokoma ikulira ngati palibe cholakwika. Zoterozo n'zoipa kaya ndi mwamuna ndi mkazi, kaya ndi amuna okhaokha.

Kutsatsa malonda nakonso ndi matenda. Anthu ali pakati pokangana, misozi ili m'maso, wina akutulutsa botolo la tiyi wozizira, dzina loyang'ana ku kamera, n'kuyamba kuyamikira kukoma kwake. Ndikudziwa kuti ndalama zojambulira zimachokera komweko, n'chifukwa chake ife tikuonera ulele, koma pena amanyanya. Ndiye pali chizolowezi choti gawo lotsatizana ndi lomaliza, kawirikawiri la 11, awiriwo ayenera kusiyana basi, ngakhale chifukwa chake chikhale chosamveka, kuti adzabwererane m'gawo la 12.

Bad Buddy la mu 2021 linandibwezako mtima. Nalonso ndi la ku yunivesite, koma nkhani yake ili ndi msana. Pat ndi Pran anakulira nyumba zoyandikana, makolo awo sapatsana moni, ndipo anawo analeredwa kuti azipikisana pa chilichonse. Vuto lawo si loti onse ndi amuna. Vuto ndi udani wa akuluakulu womwe unayamba iwo asanabadwe, pa nkhani ya mwayi wa sukulu womwe bambo a Pat analanda mayi a Pran. Ndani sadziwa mabanja otere, oti ana saloledwa kukapala moto kuseri chifukwa cha mlandu wa malire a munda wa agogo? Ohm ndi Nanon, omwe ndi Pat ndi Pran m'seweroli, amasewera ngati anthu odziwanadi, amatukanizana, amasekana, ndipo pomwe akupsompsonana koyamba padenga la nyumba m'gawo lachisanu, Pran akuchoka akulira m'malo mosekerera. Pamenepo ndinaona kuti wolemba anaganiza.

Koma lomwe ndingauze munthu wamkulu kuti aonere ndi Moonlight Chicken la mu 2023, la magawo 8, lotsogoleredwa ndi Noppharnach Chaiwimol yemwenso anapanga Bad Buddy. Muno mulibe malaya oyera. Jim ndi bambo woyandikira zaka 40, amagulitsa mpunga wa nkhuku usiku mu mzinda wa Pattaya. Nkhuku yakwera mtengo, makasitomala achepa chichokereni Covid, lendi ikudikira, ndipo malo onsewo akufunidwa ndi kampani yoti igwetse n'kumangapo zina. Wen, yemwe wamukonda, amagwira ntchito yokhudzana ndi kugwetsako, komanso akukhalabe nyumba imodzi ndi bwenzi lake lakale, Alan, poti kusiyana ndi munthu amene mwagula naye katundu si nkhani ya tsiku limodzi. Kamera imakhala pa manja a Jim akudula nkhuku pathabwa, akupukuta matebulo, akuwerenga ndalama za tsikulo n'kupeza kuti sizikukwana. Kawerengedwe kameneko ndimakadziwa, kobwereza kawiri ngati ndalamazo zichuluka.

Kunena za chakudyacho, mpunga amauphika m'msuzi wa nkhuku yomweyo, nkhukuyo n'kuiika pamwamba ili yoyera, yongowiritsa, ndi timagawo ta nkhaka. Mpungawo ndinayesa ndi wathu wa ku Lifuwu ndipo unakoma, koma nkhuku yosakazinga pa Kamuzu Road palibe angaigule, akhoza kukufunsa ngati mafuta atha.

Jim akulera Li Ming, mwana wa mchemwali wake. Ndi malume weniweni ngati a kwathu kuno, wolipira sukulu, wokalipa, wosadziwa kunena mawu okoma. Tsiku lomwe wazindikira kuti mnyamatayo akukondana ndi mnyamata mnzake, sakondwera ngakhale pang'ono, chonsecho iye mwini ndi wotero. Mantha ake ndi oti mwanayo ndi wosauka kale, ndiye asenzenso katundu wachiwiri. Sewero lina likanamuonetsa akumukumbatira nyimbo ikulira. Ili lamulola kukhala wamantha ndi wolakwa, ndipo m'pamene amaoneka munthu. Mnzake wa Li Ming uja, Heart, ndi wosamva, ndipo makolo ake olemera amangomusunga m'nyumba osaphunzira n'komwe chiyankhulo cha manja. Amene akuchiphunzira ndi Li Ming, mwana wobweretsa chakudya pakhomo. Zigawo za awiriwa zilibe mawu ambiri, ndipo ndi zomwe ndinabwereza kuonera ngakhale bandulo inali kumapeto.

Palinso nkhani ya bwenzi la Jim lakale lomwe linamwalira. Chuma chomwe anasonkhanitsa limodzi chinapita kwa achibale a malemuyo, poti pamaso pa malamulo Jim sanali kanthu. Amayi amasiye a kuno amene anaonapo achibale a mwamuna akunyamula mpaka mbale m'nyumba sangafune womasulira pamenepo.

Zolakwika nalo lili nazo. Earth Pirapat, wosewera Jim, anabadwa mu 1994, ndipo ngakhale ayende mowerama chotani, thupi lake si la bambo wotopa ndi moto wa mbaula. Magawo 8 ndi ochepa kwa anthu ochuluka chotere, moti nkhani ya Alan ndi Gaipa, wogulitsa nkhuku pamsika, yangokhudzidwa kumapeto mothamanga. Malonda aja aliponso, ngakhale muno amawabisako.

Za ku Ulaya ndalawako ziwiri pa Netflix ya mng'ono wanga wa ku Lilongwe. Heartstopper la ku Britain ndi laulemu, loyenera achinyamata, koma aliyense mmenemo amapepesa msanga ndi mwaluso kuposa anthu enieni. Young Royals la ku Sweden linandigwira chifukwa cha kanthu kakang'ono: anawo ali ndi ziphuphu kumaso ngati ana a sekondale enieni, pomwe a ku Thailand aja khungu lawo amalisalaza mpaka kusowa ndi thukuta lomwe, dziko lotentha ngati Salima mu October.

Amene bandulo yake ndi yowerengera ayambe ndi Moonlight Chicken, akatha apite ku Bad Buddy. La 2gether onerani magawo atatu oyamba, otsalawo ndi omwewo atangosintha malaya.